Ndege Zinatera, Koma Nkhani Zikuulukabe

Aliyense amene anakhalapo mu Kempton Park amadziwa kuti kuno nkhani imakambidwa modukizadukiza. Umati ukangoyamba kufotokoza, ndege yonyamuka pa bwalo la OR Tambo imadutsa pamwamba pa denga, nonse n'kukhala duu kudikira kuti phokoso lithe, kenako n'kupitiriza pamene munalekezera. Chaka chino cha 2020 kumwambako kwachepa phokoso, ndipo anthu apeza mpata wolankhula mpaka kumaliza. Kometera tsitsi, m'matakisi a ku Tembisa, pakhomo la tchalitchi, pamzere wotumizira ndalama kumudzi, nkhani ndi imodzi: South African Airways, imene aliyense amangoti SAA, ndi antchito ake amene Khirisimasi ikuwapeza atagwira cholembera, osadziwa ngati asaine kapena ayi.

Kwa amene simunaitsatire, nkhaniyi yayenda chonchi. SAA inapanga phindu komaliza mu 2011, ndipo kuyambira pamenepo yakhala ikudalira thumba la boma. Mu Disembala 2019 inalowa m'ndondomeko imene malamulo a kuno amaitcha business rescue: kampani imachoka m'manja mwa mabwana ake n'kuperekedwa kwa akatswiri oti aone ngati ingapulumuke, ndipo amene ili nawo ngongole amauzidwa kuti adikire kaye. Akatswiriwo ndi a Les Matuson ndi a Siviwe Dongwana. Asanafike patali, Covid-19 inalowa, dziko linatsekedwa pa 27 Malichi, ndege zinaima. Mu Julaye kunavomerezedwa pulani yoti mwa antchito pafupifupi 4,700, okwana 1,000 atsale, ena 1,000 apite kumaphunziro podikira kuti mwina adzaitanidwanso, ndipo 2,700 achoke ndi ndalama zotsanzikirana, zonse pamodzi marandi 2.2 biliyoni.

Tsono mwezi uno wa Disembala kwabwera funso lobaya kuposa onse. Antchito akhala miyezi 8 osaona malipiro. Unduna wa a Pravin Gordhan, umene umayang'anira makampani a boma, wati ndalama zimene zilipo ndi za miyezi itatu, kuphatikizapo bonasi ndi zotsalira za pamene malipiro anakwezedwa, ndipo wolandira avomere kuti za miyezi isanu inayo sadzazifunsanso. Mabungwe ena a antchito avomera. Bungwe la NUMSA ndi la SACCA, la amene amasamalira anthu m'ndege, akana, ndipo akhala akuimba ndi kuvina ndi zikwangwani pachipata cha Airways Park, likulu la kampaniyi. Tauni yonse yagawikana pomwepo.

Kometera tsitsi

Nyumba yamalamulo yeniyeni ya nkhaniyi ili m'kachipinda kena kometera, ka mnyamata wa ku Mangochi. Iye nkhaniyi imamukhudza m'thumba. Ati kale anyamata ogwira ntchito m'ndege ankabwera mlungu uliwonse, chifukwa kuntchito kwawo tsitsi losasamalika ndi mlandu. Lero amabwera patapita miyezi iwiri, ndevu zitabisala kuseri kwa masiki, ndipo ena akameta amapempha kuti awalembe m'kabuku ka ngongole.

Pabenchi yodikirirapo pamakhala magulu awiri, ndipo lililonse lili ndi mwambi wake. Gulu loyamba likuti munthu asaine, atenge za miyezi itatuzo, alipire lendi, ana adye mpunga ndi nkhuku pa Khirisimasi, chifukwa fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Gulu lachiwiri likuti kusaina mmodzimmodzi ndiye kumene mabwana akufuna, mutu umodzi susenza denga, ndipo anthu akagwirizana kukana, boma lidzapeza ndalama monga lakhala likuzipezera zaka zonsezi. Akafika pamenepa wometayo amazimitsa makina, n'kuyamba kuwerengera ndi zala, kasitomala ali pampando mutu utametedwa mbali imodzi. Wina anachita kudandaula: "Achimwene, malizani kaye mutu wangawu, za SAA sizitha lero." Benchi yonse inagwa nako kuseka, koma mkangano unapitirira.

Chimene chimawotcha kwambiri pamenepo ndi sitalaka ya mu Novembala 2019. Nthawi imeneyo kampani inali italengeza kuti ichotsa anthu 944, mabungwe ankafuna malipiro akwere ndi 8 peresenti, ndipo atanyanyala masiku 8 anagwirizana pa 5.9 peresenti. Kampani inkati ikutaya marandi pafupifupi 50 miliyoni tsiku lililonse la sitalakayo. Pasanathe milungu iwiri, SAA inali m'manja mwa akatswiri aja. A gulu la fodya amati onani, munakankha wodwala. A gulu la denga amayankha kuti wodwalayo anali atagona zaka 8, ndipo amene anamudwalitsa sanali mtsikana wogawa tiyi m'ndege kapena makaniko womanga mabawuti. Kunena zoona, onse awiri ali ndi mbali yawo, n'chifukwa chake mkanganowo sutha.

M'takisi aliyense ndi nduna

Mukakwera takisi yochokera m'tauni kupita ku Tembisa, mupeza nduna za zachuma zokwana mipando yonse. Kumeneko safunsa kwambiri za kusaina. Funso lawo ndi la marandi 10.5 biliyoni amene nduna ya zachuma, a Tito Mboweni, analengeza pa 28 Okutobala kuti apita ku SAA, ndalama zodulidwa ku maunduna ena, kuphatikizapo apolisi ndi maphunziro. Mayi wina wakumbuyo anati iye wakalamba osalowapo m'ndege, amangoziona zikudutsa pamwamba pa zovala zimene wayanika, koma msonkho wake ukukwera ndege chaka ndi chaka. Anthu anaomba m'manja.

Za a Mboweni zimasangalatsa anthu pazifukwa ziwiri. Choyamba, ndi iwo omwe mu 2018 ananena poyera kuti kampaniyi ingotsekedwa, ndiye kuwaona akuipatsa ndalama kumautsa nthabwala. Chachiwiri, ndunayi ndi yotchuka pa Twitter chifukwa cha zithunzi za chakudya chimene imaphika yokha, chodzaza adyo ndi nsomba za m'chitini. Mnyamata wina anati munthu wodya nsomba za m'chitini amadziwa kusunga ndalama, choncho ngati wapereka 10.5 biliyoni ndiye kuti anachita kumupotokola dzanja.

Dalaivala naye ali ndi mankhwala ake. Ati SAA aipereke kwa eni matakisi, chifukwa iwo lamulo lawo ndi limodzi: galimoto sinyamuka isanadzaze. Ndege ya ku London izidikira pabwalo mpaka mpando womaliza utakhalidwa, ndipo pakhale mnyamata pakhomo woitanira anthu. Takisi yonse inaseka, koma bambo wina amene anagwirapo ntchito yonyamula katundu pabwalo la ndege anati dalaivalayo wagunda pamene pali vuto. Anafotokoza kuti ndege ikauluka ndi mipando yopanda anthu, ndalama ya mipandoyo yapita mpaka kalekale, pamene mafuta yamwa omwewo. Anawonjezera kuti mafuta, zitsulo zosinthira ndi lendi ya ndege zimalipiridwa ndi madola, koma okwera ambiri amagula matikiti ndi marandi, ndiye randi ikagwa kampani imabowoka thumba. Ndege zambiri za SAA zinali zobwereka, ndipo chaka chino eni ake azitenga. Anthu anakhala chete pang'ono, kenako mayi uja anafunsa kuti ngati ndege zinali za eni, nanga mabiliyoni onse aja anagula chiyani. Palibe nduna ya m'takisimo imene inayankha.

Pamzere wa Mukuru

Kumene nkhaniyi imakambidwa mwachifundo ndi pamzere wa Mukuru wotumizira ndalama kumudzi. Amalawi ambiri kuno amagwira ntchito m'nyumba ndi m'minda ya maluwa ku Bonaero Park ndi Glen Marais, ndipo m'madera amenewa mumakhala mabanja ambiri odalira bwalo la ndege. Bwana akasiya kulandira, wantchito wake amamva msanga. Amene ankapita masiku asanu pamlungu tsopano akupita awiri. Amene ankatumiza ya feteleza wokulitsa ndi wobereketsa yemwe, chaka chino akutumiza ya thumba limodzi, pamene mvula yagwa kale ndipo foni ya kumudzi ikungolira.

Azimayi a pamzerepo nkhani ya sitalaka ndi maperesenti alibe nayo ntchito. Iwo amakamba zimene aona ndi maso. Wina ati abwana ake aakazi, amene ankagona ku Frankfurt mlungu uno, ku Washington mlungu wamawa, tsopano akuphika makeke n'kumagulitsa pa WhatsApp, ndipo iye ndi amene akuwaphunzitsa kuwerengera phindu la ufa ndi shuga. Wina ati kwawo galimoto yachiwiri inagulitsidwa, ndipo abwana aamuna aphunzira kutchetcha kapinga, ngakhale mizere yake ikumakhota. Amaseka, koma kuseka kwake n'kwa anthu amene akudziwa kuti njala sisankha yunifolomu.

Mayi wachikulire wina, amene anzake amamutchula kuti anganga, anaweruza mlanduwo mwachidule. Anati: "Ana anga, munthu amene wasaina musamunene. Amene wakana musamunenenso. Aliyense akudziwa chimene chili mumphika mwake." Mtsikana wina anafunsa kuti iwo akanakhala kumeneko akanatani. Anganga anati akanasaina m'mawa, masana n'kupita kukaimba nawo pachipata.

Madala pakhomo la tchalitchi

Mapemphero akatha, madala amaima pamthunzi motalikirana monga malamulo a mliri akunenera, n'kuyamba mbiri. Iwo SAA amaidziwa kuyambira ili ndi mchira wa mtundu wa lalanje wokhala ndi chithunzi cha nswala youluka, mtundu umene unasinthidwa mu 1997. Amakumbutsana kuti kampaniyi inayamba mu 1934, ndiponso kuti kuyambira mu 1963 mayiko ambiri a mu Africa anailetsa kudutsa mumlengalenga mwawo chifukwa cha tsankho, moti popita ku Ulaya inkazungulira kunyanja n'kukamwa mafuta pa chilumba cha Sal ku Cape Verde. Ku Malawi inkatera, chifukwa boma la Kamuzu linali paubale ndi Pretoria. Ati kampani imene inapirira kuzungulira Africa yense siyenera kufera pakhomo pake.

Kenako nkhani imakhotera kwathu, ndipo pamayamba mpikisano wokoma wa amene anaona maliro a ndege aakulu kuposa anzake. Amalawi amatchula Air Malawi, ndege zake zija Kwacha ndi Sapitwa, ndi mmene inathera mu 2013 itamira m'ngongole. Mdala wa ku Chipata amati zimenezo n'zadzulo, iwo Zambia Airways anaiika m'manda mu 1994, ndipo anaona mapailoti akusanduka alimi. Wa ku Harare amangopukusa mutu n'kunena kuti yawo sinafe koma siinadzukenso. Aliyense amafuna kuti anzake avomereze kuti chisoni chake ndiye chachikulu, ndipo amabalalika akuseka.

Pali mdala mmodzi wa ku Lunzu amene saiwala za mu Januwale 2019, pamene SAA inaimitsa maulendo ake a ku Chileka akuluakulu oona za ndege a kuno atapeza kuti mpanda wa bwalolo ndi zida zozimitsira moto sizinali bwino. Ati nthawi imeneyo anzake a kuno anamuseka kwambiri. Lero iye sabwezera, amangowafunsa mwaulemu ngati mpanda wa chuma cha SAA unali wolimba. Komabe iye yemweyo ndi amene amadandaula kwambiri, chifukwa ulendo umene ndege inkauyenda maola awiri okha, pa basi ndi masiku, kudutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, ndipo nyengo ino ya Khirisimasi mizere ya pa Beitbridge ndi yosasimbika.

Mphekesera za wogula

Palibe tsiku limene limadutsa popanda wina kulumbira kuti SAA yagulidwa. Lolemba aigula Aluya, Lachitatu aigula Matchaina, Lachisanu ndalama zilowa m'mabanki madzulo ano. Lachisanu limenelo lakhala likubwera mlungu uliwonse kuyambira mu Okutobala. Aliyense ali ndi mlamu wake amene amagwira ntchito mkati ndipo wamva ndi makutu ake.

Mphekesera imene ili ndi fupa ndi ya Ethiopian Airlines. Mkulu wake, a Tewolde GebreMariam, ananena mu Okutobala kuti angathe kuthandiza ndi ndege, mapailoti ndi ntchito yokonza ndege, koma ngongole zakale sakufuna kuzisenza. Pamenepa Amalawi asanduka akatswiri ofunsidwa nzeru, chifukwa kwathu Air Malawi itatha, kampani ya Malawian Airlines imene inayamba kuuluka mu Januwale 2014 ndi ya boma 51 peresenti, ya Ethiopian 49 peresenti. Wometa uja amafotokozera makasitomala ake a kuno ngati kuti pamgwirizanowo analipo. Amawauza kuti mkamwini wotere amabwera ndi khasu lake n'kulima bwino, koma ngongole za apongozi salipira. Amawachenjezanso kuti kampani yatsopano imayamba yaing'ono, ndipo si onse a kampani yakale amene amaitanidwa.

Chinanso chimene chikuzunguza anthu mitu n'chakuti pamene SAA ili pansi, ena akunyamuka. SA Express inagwa mu Epulo, koma Comair, imene imayendetsa ndege za kulula, yayambiranso kuuluka pa 1 Disembala, Airlink inasiyana ndi SAA n'kuyamba kuyenda payokha, FlySafair ikuuluka, ndipo pa 10 Disembala kwabadwa kampani yatsopano dzina lake Lift. Anthu akufunsa kuti mlengalenga ndi momwemo, mliri ndi womwewo, nanga enawa akutha bwanji. Antchito a SAA akamva funso limeneli amati ndi lomwe iwonso akhala akufunsa mabwana awo kwa zaka zambiri.

Mapailoti kunja kwa chipata

Nkhani yatsopano kwambiri ndi ya mapailoti. Kuyambira pa 18 Disembala kampani yawatsekera kunja, pafupifupi 400, mpaka atavomera kuthetsa mgwirizano wawo wa ntchito umene unayamba mu 1988 ndi kulandira malipiro otsika. Boma likuti mgwirizanowo ndi wodula kwambiri, ndipo chifukwa umatsata zaka zimene munthu wagwira, umatchingira njira mapailoti achikuda ndi aakazi amene analowa mochedwa, pamene ambiri mwa akuluakulu ndi azungu aamuna. Bungwe la mapailoti la SAAPA likuti nawonso akhala miyezi osalandira, ndipo sakukana kukambirana za kutsitsa malipiro.

Pa nkhani iyi tauni ilibe chisoni chambiri poyamba. M'takisi amati munthu wokhala ndi dziwe losambira pakhomo asalire pamaso pa anthu a m'zisakasa. Koma nthawi zonse pamapezeka wina wokumbutsa kuti ndi bungwe la mapailoti lomweli, pamodzi ndi bungwe la OUTA, limene linatengera kukhoti mayi Dudu Myeni, amene anali wapampando wa bodi ya SAA, ndipo mu Meyi chaka chino khoti lalikulu la ku Pretoria linagamula kuti asadzakhalenso dairekitala wa kampani iliyonse moyo wawo wonse. Wina amakumbutsanso za mu Malichi, pamene dziko lonse linkanjenjemera ndi dzina la Wuhan, ndipo antchito a SAA anadzipereka kukwera ndege kukatenga nzika za dziko lino kumeneko, n'kubwera kudzakhala nawo m'malo opatulidwa ku Polokwane. Zikatchulidwa zimenezi, mawu amatsika, ndipo amene amanyoza uja amati iye amanena za malipiro chabe, osati za anthuwo.

Chimene chatsala tikatha kuseka

Nthabwala zonsezi n'zokoma, ndipo zikuthandiza anthu kupirira chaka chowawa. Koma mukamvetsera bwino, kometera, m'takisi, pamzere ndi pamthunzi wa tchalitchi, anthu akugwirizana pa mfundo imodzi ngakhale akukangana pa zina zonse. Amene akupemphedwa kusiya malipiro a miyezi isanu si amene anasaina makontirakiti okayikitsa amene bungwe lofufuza la a Raymond Zondo lakhala likumva umboni wake. Si amene ankasintha akuluakulu a kampani pafupipafupi mpaka pulani iliyonse kufera m'kabati. Iwo ankafika pantchito m'bandakucha, kumwetulira anthu otopa, kunyamula masutikesi, kuyang'ana injini usiku.

N'zoona kuti kampani yopanda ndege ndi okwera singasunge anthu 4,700, ndipo mayi wa m'takisi uja ali ndi ufulu wofunsa za msonkho wake. Kuchepetsa antchito ndi malipiro mwina sikungapeweke. Koma malipiro a mtsogolo ndi nkhani yokambirana, pamene malipiro a m'mbuyo ndi ngongole, ndipo boma limene linapeza marandi 16.4 biliyoni mu bajeti ya mu Febuluwale obwezera mabanki ngongole za SAA lisauze wantchito kuti ngongole yake yokha ndiyo yoyenera kuiwalika. Kudzimana kuyambire kumwamba, ndipo amene anadya ndalama za kampaniyi abweze.

Kwa ife a kuno ku Joni, pempho ndi lapafupi. Ngati muli ndi mnansi wa ku SAA, kaya wasaina kaya wakana, musamufunse chifukwa chake. Muitaneni adzadye nanu nsima pa Khirisimasi, ndipo ngati akugulitsa makeke, gulani.